Alamu, za denga lotsegula ndi kutseka lija, mverani kaye musanalipire

Alamu moni, eeh zithunzi za khonde la lesitilanti yanu ku Senga Bay zija ndaziona. Ndiye musatumize ndalama kwa munthu aliyense musanamve voice note iyi mpaka kumapeto, italikirapo koma pirirani.

Madengawa alipo mitundu ingapo koma anthu amangowasakaniza. Pali lija la nsalu la mikono iwiri yopindika, kuno ku Cape Town timati folding arm awning, limamangidwa kukhoma basi, kutsogolo kulibe mzati, mukapukusa handulo limatambasuka. Ndiye pali la mizati yake ndi njanji, lona wa PVC amayenda mmenemo. Ndiye lachitatu ndi la aluminiyamu, la ma louvre otembenuka, amene aja otsegula ndi kutseka, lodula kwambiri limenelo, labwino inde koma thumba lanu ndikulidziwa alamu, tilisiye.

Limene mwandionetsa pa chithunzi ndi loyamba lija, la mikono. Limenelo ndi la mthunzi. Ndibwereze, ndi la mthunzi, si la mphepo, si la mvula ya Januwale. Inuyo muli mphepete mwa nyanja, mwera ukayamba cha mu Juni mpaka Ogasiti mumaudziwa nokha mmene umakankhira mipando. Mufunse wogulitsayo kuti wind class yake ndi chani, ku Ulaya amaziika m'magulu, class 2 ndi mphepo ya pafupifupi makilomita 38 pa ola, kupitirira apo mukuyenera kulipinda. Akayamba kuyankha zozungulira kuti ayi bwana ndi lolimba ili, musiyeni. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga la mizati, mizatiyo muikwirire mu konkire bwinobwino.

Koma ngati mwaumirira la mikono, chabwino, nkhani ndi khoma. Apa ndiye mundimvetsetse. Anthu amayang'ana mtundu wa nsalu, mizere yake, limoti, khoma osaliyang'ana. Ife tinakamangapo pa nyumba ina yakale kuno, njerwa zake zofewa zija ukamaboola drill imangolowa phuu osalimbana nawe, tinaika mabauti wamba a mapulagi, tinamanga, tinakoka, zinaoneka zagwira, mwini nyumba mpaka anatipatsa tiyi. Kunabwera mphepo ija ya kuno ya south-easter, anatiimbira foni kuti bwerani mudzaone, tinapeza chinthu chonse chili pansi, bulaketi ikadali yomangika bwinobwino ku njerwa koma njerwayo ndi imene yazuka m'khoma. Mwaona? Bauti sinathyoke, linagonja ndi khoma.

Chifukwa chake, eeh ndifotokoze bwanji... chinthucho chatuluka mamita atatu kutsogolo opanda chochigwira, mphepo ikalowa pansi pake n'kuchinyamula mphamvu yonse imakathera pa mabauti ochepa aja a kukhoma, imawakoka, kuwabweza, kuwakoka, tsiku lonse. Tsono khoma lanu lija, ndikukumbuka mmene linkamangidwa, njerwa zootcha inde koma pakati anamangira dothi, simenti ili pa pulasitala pokha. Pamenepo ayi. Ayi ndithu. Mupeze pamene pali konkire, lintala kapena ring beam ija imazungulira pamwamba pa mawindo, mabulaketi akhale pamenepo, ndipo mugwiritse chemical anchor, mankhwala aja amathira m'bowo kenako n'kulowetsa chitsulo cha mazinga. Bowolo mulipukute, fumbi lonse lichoke, kupopa ndi kabulashi, kupopanso, chifukwa mankhwalawo akagwira fumbi ndiye kuti sanagwire kanthu, ndipo mudikire aume nthawi imene yalembedwa pa chubupo, osati mmisiri akuthamangira minibasi ndiye wayamba kale kumanga. Ngati konkire palibe, booleni khoma lonse bauti itulukire mkati, mkatimo muike chitsulo chophwatalala chigwire njerwa zambiri. Sizioneka bwino mkati koma mupentapo.

Mwamva za bowo? Lipukutidwe. Chabwino.

China, kupendekeka. Pano ndi pamene mutu umazungulira ndiye ndilankhula pang'onopang'ono. Nsalu ikakhala chogona flat madzi amadikha pakati. Amafuna madigiri pafupifupi 14, kutanthauza kuti mita iliyonse imene latuluka litsike masentimita 25, ndiye mamita atatu ndi masentimita 75. Tsono kutsogolo mukufuna munthu wamtali adutse osawerama, tinene mamita 2.1, muphatikize 75 ija, kukhomako likuyenera kumangidwa pafupifupi mamita 2.9 kuchokera pansi. Khonde lanu likufika pamenepo? Pa chithunzi ndikuona ngati malata anu atsika kwambiri, ndi chifukwa chake ndikukakamira la mizati, ayi dikirani, ngakhale la mizatilo kupendekeka likufunabe, kungoti lili ndi gutter yake ndipo madzi mutha kuwalondolera kumene mukufuna osati pa matebulo.

Madzi musawadelere alamu. Denga la mamita 4 kwa 3, mvula ya mamilimita 10 yokha ndi malita 120, makilogalamu 120 amenewo, kuposa matumba awiri a simenti atapachikika pa nsalu. Kuli bambo wina wa bala uko ku Mangochi, dzina ndisatchule, ndinamuuza zomwezi, iye amvekere iwe ukufuna undidyere ndalama, anakaitanitsa lotchipa pa intaneti nsalu yake ya polyester, analimanga flat kuti lizioneka bwino pa Facebook, usiku wina anapita kukagona lili chitsegulire, mlonda sanamuphunzitse kupinda kwake, mvula inagwa, mmawa mkono umodzi uli chopindikira pansi. Mpaka lero akusaka mkono wina, wogulitsayo nambala yake sikupezekanso. Ndiye mlonda wanu mumuphunzitse, ma waiter onse, mukamatseka madzulo denga lipindidwe, kaya kumwamba kuli nyenyezi.

Za mota. Limoti ndi yokoma, alendo amasangalala nayo, koma magetsi akathima mphepo ikubwera mutani? Mutenge mota yokhala ndi pokolekera handulo, amati manual override, ndipo handuloyo izikhala pa msomali pake osati m'sitolo yokiya makiyi ali ndi inu ku Lilongwe. Ma mota a Somfy, kampani ya ku France, ndi amene timaika kwambiri kuno ndipo ma spare ake amapezeka. Pali ka sensor ka mphepo kamene kamapinda kokha, kabwino, koma mota ikufunabe magetsi kuti iyende ndiye musakadalire. Kunena zoona kwa inu handulo yokha ikukwanira.

Nsalu mutenge ya acrylic imene utoto wake unalowa mu ulusi momwe, amati solution dyed, dzuwa la ku Salima la mu Okutobala lija silisewera, yotchipa imasuluka msanga. Musaisiye yopinda ili yonyowa, imachita chuku, ngati mwapinda chifukwa cha mvula mawa lake muitambasule iume. Ndipo mbaula yootchera chambo ija ichoke pansi pake, utsi ndi mafuta sizichoka.

Eya ndimaiwala, likafika mikono yake imabwera yomangidwa, muli sipilingi yamphamvu mmenemo, mmisiri asadule zomangirazo lisanakhazikike kukhoma, imatha kufyatuka n'kumuphwanya munthu nkhope.

Ndiye munditumizire miyezo, mulifupi mwa khonde, kuchokera pansi kufika pa lintala, ndi chithunzi cha khomalo mutagogomolako pulasitala pang'ono ndione chimene chili mkati. Muyeze ndi tepi alamu, osati mapazi. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.