Achinyamata akapita kutawuni, pamudzi pamatsala ndani?

Zikomo a wapampando. Makolo anga, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, ndathokoza kuti mwasiya zochita zanu n'kubwera. Mwandipempha kuti ndilankhule za kusamuka kwa anthu kuchoka kumidzi kupita m'mizinda, komanso zomwe zimachitika mudzi ukayamba kuchepa anthu.

Nkhaniyi ndi ya dziko lonse. Lipoti la bungwe la United Nations la 2018 linati m'chaka cha 1950, mwa anthu 100 aliwonse, 30 okha ndi amene ankakhala m'mizinda. Cha m'ma 2007 anthu a m'mizinda anachuluka kuposa a kumidzi, koyamba chiyambire. Mu 2018 anafika pa 55, ndipo pofika 2050 akuyembekezeka kukhala 68, makamaka chifukwa cha mizinda ya mu Africa ndi Asia. Ndiye mwana wanu akamanga katundu n'kukutsanzikani, musamuone ngati wadana ndi kwawo. Akuyenda njira yomwe anthu mamiliyoni ambiri akuyendamo.

Ena mumafunsa kuti, kodi anawa sakuona kuti kutawuni ntchito kulibe? Akuona ndithu. Akatswiri awiri a zachuma, John Harris ndi Michael Todaro, analongosola zimenezi mu 1970. Anati munthu sasamuka chifukwa ntchito ikumudikira, amasamukira chiyembekezo. Ngati malipiro a kutawuni akuposa kutali zomwe amapeza pakhomo, amalolera kukhala miyezi akugogoda m'maofesi ndi m'mafakitale, bola tsiku lina adzalembedwe. Ku Kenya mu 1964 boma, olemba ntchito ndi mabungwe a antchito anagwirizana kuti makampani awonjezere antchito pofuna kuchepetsa ulova m'mizinda. Mbiri itamveka kumidzi, anthu anakhamukira kutawuni, ulova osachepa monga ankafunira. Kuwonjezera ntchito kutawuni kokha, kumudzi kuli chimodzimodzi, kumangoitana anthu enanso.

Tsopano mundimvetsere bwino apa, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Chimene chimapweteka mudzi poyamba si kuchuluka kwa ochokawo, koma kuti akuchoka ndi ndani. Nkhalamba sizisamuka. Makanda sasamuka okha. Amachoka ndi a nyonga, a zaka za m'ma 20 ndi 30, nthawi zambiri omwe anapitako patali ndi sukulu, olimba mtima, odziwa kulemba kalata ndi kuwerengera ndalama. M'maiko ambiri a mu Africa chiwerengero cha anthu a kumidzi chikukwerabe chifukwa ana akubadwa, moti mukangowerenga mitu munganene kuti palibe vuto. Koma lowani m'nyumba imodzi. Mupeza gogo wa mawondo opweteka ali ndi zidzukulu zinayi. Munda womwe ankalima anthu asanu akulima yekha, mbali ina yagonera. Denga likudontha, wokwera pamwamba palibe. Mwana akatentha thupi usiku, womubereka kupita naye kuchipatala ndi mtsikana wa zaka 12, yemwe mawa lake ajomba kusukulu. Nyumba yotereyi m'kaundula imaoneka yodzaza, chikhalirecho ilibe msana.

Ku China zimenezi zinafika poipa. Kumeneko kuli lamulo la kalembera lotchedwa hukou, lomwe limamangirira munthu kudera lomwe banja lake linalembedwa. Kwa zaka zambiri kholo likapita kukagwira ntchito mumzinda, mwana wake ankavutika kupeza malo m'sukulu za boma za mumzindamo. Makolo anayamba kusiya ana kwa agogo. Bungwe la amayi la dzikolo linanena mu 2013 kuti ana osiyidwa kumidzi motere analipo pafupifupi 61 miliyoni, ndipo ambiri ankaonana ndi makolo awo kamodzi pachaka. Ndalama za fizi zinkabwera, inde, koma mwana safuna fizi yokha. Amafuna womufunsa kuti lero wasowa mtendere bwanji.

Zikapitirira kwa zaka zambiri, mudzi umayamba kufota wokha. Ku Japan katswiri wina, Akira Ono, anatchula midzi yomwe anthu oposa theka ali ndi zaka 65 kapena kupitirira kuti ndi midzi yofika pamapeto, chifukwa simukhalanso anthu okwanira kukonza misewu, kusamala ngalande ngakhale kuyendetsa maliro. Mu 2023 dzikolo linawerenga nyumba zopanda anthu zokwana 9 miliyoni. M'mudzi wa Nagoro, pa chilumba cha Shikoku, sukulu inatsekedwa mu 2012 ana atatha, ndipo mayi wina wa komweko anasoka zidole zazikulu ngati anthu n'kuzikhazika m'makalasi ndi m'mbali mwa msewu. Lero zidolezo n'zambiri kuposa anthu. Taonani mmene zimayendera. Ana akachepa, boma limati sukuluyi ikudya ndalama, limaiphatikiza ndi ina yakutali. Banja lomwe linkafuna kukhala limaona mtunda womwe mwana aziyenda, nalonso limanyamuka. Okwera akachepa, basi imasiya kufika. Namwino amapempha kuti amusamutse. Chilichonse chotsekedwa chimathamangitsa anthu ena, ndipo kuchoka kwawo kumatseketsa chinanso. Palibe tsiku lomwe anthu amakhala pansi n'kugwirizana kuti mudzi uthe.

Nthaka nayo imasintha. Ku Portugal, m'madera omwe anthu anachokamo, minda yomwe kale inkalimidwa ndi kudyetsedwa ziweto inasanduka tchire ndi nkhalango zowirira za paini ndi bulugamu. Mu June 2017 moto unabuka ku Pedrógão Grande n'kupha anthu 66, ambiri ali m'magalimoto pothawa. Kutentha ndi mphepo zinathandizira, koma kusowa kwa anthu olambula ndi kudulira kunali mbali ya vutolo.

Nanga opitawo? Sindikhalitsapo, mukudziwa. Anthu oposa 1 biliyoni padziko lapansi amakhala m'malo othithikana, opanda madzi abwino ndi zimbudzi zokwanira, monga Kibera ku Nairobi ndi Dharavi ku Mumbai. Ambiri amagwira maganyu opanda mgwirizano wolembedwa. Pafoni amati zonse zili bwino, chifukwa kubwerera chimanjamanja kumawachititsa manyazi. Makolo anga, mwana akalephera kutumiza ndalama mwezi wina, musafulumire kunena kuti watiiwala. Mwina wagona ndi njala.

Komatu ndingakhale wabodza nditati kusamuka n'koipa kokhakokha. Kumpoto kwa Bangladesh, kudera la Rangpur, kumakhala nyengo ya njala anthu asanakolole. Mu 2008 ofufuza anapereka kwa mabanja osauka kandalama kongokwanira ulendo, pafupifupi madola 8 ndi theka, kuti mmodzi akagwire ntchito mumzinda kwa miyezi yochepa. M'mabanja omwe munachoka munthu, zakudya ndi zina zogula zinawonjezeka ndi pafupifupi 30 pa 100, ndipo ambiri anapitanso zaka zotsatira popanda wowapatsa kanthu. Chomwe ndimachikonda pa nkhaniyi n'chakuti anthuwa ankapita n'kubwerera. Munda sunagone, banja silinapasuke.

Kuletsa anthu kunayesedwa kale. Ku South Africa malamulo a ziphaso ankatsekereza anthu akuda kukhala m'mizinda mpaka anathetsedwa mu 1986. Anthu ankapitabe, abambo okhaokha, akazi ndi ana n'kutsala. Ku Spain anthu a m'zigawo zotha anthu monga Soria ndi Teruel anachita zionetsero ku Madrid mu March 2019. Sanapemphe kuti ana awo atsekeredwe njira. Anapempha misewu, sitima, zipatala ndi intaneti, ndipo chaka chomwecho gulu la Teruel Existe linapeza mpando m'nyumba ya malamulo. Ine ndikuona kuti anagwira pamutu penipeni. Wachinyamata amakhala pamalo pomwe angagulitse zomwe walima, kutchaja foni ndi kupeza chithandizo mkazi wake akamachira.

Pali zina zomwe simuyenera kudikira boma. Mwana asananyamuke, banja likhale pansi likambirane momveka: munda wake alima ndani, kwa zaka zingati, ndipo akadzabwera adzaupeza bwanji. Mikangano yambiri ya malo imayambira pa kungonena kuti tidzaona. Ngati akusiya ana, patchulidwe munthu wa nyonga woti azithandiza agogo, aziona makope a kusukulu ndi kudziwa mwana akadwala. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndalama zotumizidwa zisathere pa zofuna za tsiku lomwelo zokha. Kagawo kena kalowe pa chinthu chobereka, kaya chiweto, kaya kuthirira, kuti wotumizayo adzakhale ndi chobwerera. Ndipo inu achinyamata, mukapita muziuza anzanu zoona zake za lendi ndi za maganyu, asanyamuke atangoona zithunzi za pa Facebook.

A wapampando, pempho langa n'lakuti komiti yanu iyende khomo ndi khomo, ilembe nyumba zomwe mulibe munthu wa zaka zapakati pa 18 ndi 50, ndi ana omwe makolo awo onse ali kutali. Mndandanda umenewo ndi womwe mudzanyamule pokalankhula ndi a zaumoyo ndi a zamaphunziro. Ndaona amayi akutsogoloku akweza mkono kalekale. Funsani, mayi.