Mbiri ya The Usos: Kodi The Rock ndi m'bale wawo wa magazi?

Masiku 622! Mapasa awiri, Jimmy ndi Jey Uso, anasunga malamba a tag team (omenya awiriawiri) a WWE, kampani ya wrestling ya ku America, kwa masiku onsewo osawataya. Lero tikamba za iwowa, komanso pali bodza limodzi lokhudza banja lawo limene ndatopa nalo kulimva, ndipo ndilithetsa muno muno. Musachoke.

Mwaswera bwanji abale anga okonda wrestling? Ngati ndinu atsopano pano, dinani subscribe pompano musanaiwale. Tiyeni.

Choyamba, anthuwa ndi ndani? Mwachangu. Mayina awo enieni ndi Jonathan ndi Joshua Fatu, mapasa enieni, obadwa pa 22 Ogasiti 1985 ku San Francisco. Bambo awo ndi Rikishi, chimdala chovinavina chija. Mawu akuti uso m'chilankhulo cha ku Samoa amatanthauza m'bale. Anayamba kuoneka pa Raw, pulogalamu ya WWE ya pa TV, mu Meyi 2010 ali ndi mnzawo wamkazi Tamina, ndipo tsiku lomwelo anaukira timu ya The Hart Dynasty.

Chachiwiri, zaka za penti kumaso. Ankalowa akuvina siva tau, gule wankhondo wa kwawo, iwo n'kukuwa kuti "U", anthu n'kuyankha "So". Ana ankawakonda kwambiri. Lamba woyamba anamutenga mu Malichi 2014 atagonjetsa timu ya New Age Outlaws. Kunena zoona nthawi imeneyi sindiikumbuka ndi chidwi kwenikweni. Luso anali nalo, koma ankangokhala anyamata abwino omwetulira, ndipo ambiri sitinkatha kusiyanitsa kuti Jimmy ndi uti, Jey ndi uti.

Chachitatu, 2016. Apa ndiye panatentha. Anachotsa penti, anasiya gule, n'kutembenukira timu ya American Alpha mwankhanza. Kuvala kunasintha, kuyankhula kunasintha. Chaka chotsatira anayambana ndi timu ya The New Day, ndipo ngati simunaonepo masewero awo a m'chikhola cha Hell in a Cell mu Okutobala 2017 ku Detroit, mukamaliza vidiyo ino kawafufuzeni. Ndodo zimene ankamenyanirana zinathera pamisana ya anthu. Ine ndimaika masewerowo pamwamba pa onse amene anachitapo.

Tsopano tiime kaye. Tafika pa nkhani yanga ija.

Vidiyo iliyonse imene ndatchulamo The Bloodline, gulu limene Roman Reigns ndi ma Uso anali nalo mu WWE, pamapezeka wina m'makomenti wolemba kuti, "The Rock, Roman Reigns ndi ma Uso onsewa ndi asuweni, magazi amodzi." Achimwene, achemwali, si choncho ayi. Tengani pepala, tijambule mtengo wa banjali limodzi.

Pamwamba penipeni lembani Amituana'i Anoa'i, m'busa wa ku Samoa. Iyeyu anabereka ana angapo, koma lero tikufuna atatu okha: Afa, Sika, ndi mlongo wawo Vera. Afa ndi Sika ndiwo The Wild Samoans, amene ankaopedwa m'ma 1980. Sika anabereka Roman Reigns. Vera anabereka Rikishi ndi mng'ono wake Umaga. Ndiye taonani bwino: Sika ndi malume ake a Rikishi. Mwana wa malume ako ndi ndani? Msuweni. Choncho Roman ndi msuweni wa Rikishi, osati wa Jimmy ndi Jey. Kwa mapasawa, Roman ali mu mzere wa bambo awo. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti onse atatu anabadwa chaka chimodzi, 1985, Roman mu Meyi, mapasawa mu Ogasiti, ndipo anakulira limodzi ku Pensacola, ku Florida. Pa TV amangoti asuweni pofuna kufupikitsa nkhani. Koma mukamaona Roman akulamula Jey kuti amugwadire ndi kumuvomereza ngati mutu wa banja, dziwani kuti mwa kubadwa alidi pamwamba pake ndi m'badwo umodzi. Ine nditazindikira zimenezi, nkhani yonse ya Roman ndi Jey ya 2020 inandikomera kawiri.

Nanga The Rock tamulemba pati papepalapo? Palibe malo ake, eti? Ndi zimenezo.

Bambo ake a The Rock ndi Rocky Johnson, wa ku Canada. Mayi ake ndi Ata. Agogo ake aamuna a kuchikazi ndi High Chief Peter Maivia, katswiri wa wrestling wa ku Samoa amene anamwalira mu 1982. Peter Maivia sanabadwe m'nyumba ya Anoa'i. Chimene chinachitika n'chakuti iye ndi Amituana'i Anoa'i analumbirirana ubale, kuti kuyambira pamenepo akhala pachibale, ana a wina akhala ana a mnzake. N'chifukwa chake Afa ndi Sika ankamutenga Maivia ngati kholo lawo. Ndipo pali china chimene ambiri sachidziwa: Ata ndi mwana wa Lia Maivia, Peter anachita kumupeza n'kumulera ngati wake atakwatira mayi akewo. Ndiye magazi amene mumanenawo adutsira pati? Palibe njira.

Koma dikirani, chifukwa pali gulu lina limene limandikwiyitsa kuposa loyambalo. Awa akangomva zimenezi amathamangira kulemba kuti, "Ndinanena ine, zonse ndi zabodza, WWE inangopeka banja." Ayi! Lumbiro limene lija linachitika kalekale, The Rock asanalowe mu ring, Roman asanabadwe n'komwe. Silinalembedwe ndi olemba nkhani a pa TV. Mabanja awiriwa akhala akuitanana ndi kuthandizana ngati abale kwa mibadwo itatu. Munthu amene analeredwa limodzi ndi mayi anu, amene mwakula mukumutchula kuti malume, wina wakunja angabwere kudzakuuzani kuti si m'bale wanu chifukwa sanabadwe m'mimba imodzi? Mungamuyankhe chiyani? Ndiye likhale funso la lero, lembani m'makomenti, ndiwerenga onse. Chimene ndikukana ine ndi mawu akuti "magazi amodzi". Mawu akuti "banja" sindikuwakana ngakhale pang'ono.

 

Tinali pa nambala chani? Chachinayi, The Bloodline. Jimmy anavulala bondo mu 2020, Jey n'kutsala yekha, ndipo apa m'pamene tinaona kuti mnyamatayu ali ndi mtima wake wake. Analimbana ndi Roman kawiri, pa Clash of Champions ndi pa Hell in a Cell, n'kugonja konseko, kenako n'kukhala dzanja lake lamanja. Jimmy atachira, mapasawa anatenga malamba a SmackDown, pulogalamu ina ya WWE, kwa Rey Mysterio ndi mwana wake Dominik mu Julayi 2021. Mu Meyi 2022 anagonjetsa timu ya RK-Bro n'kuphatikiza malamba a Raw. Mng'ono wawo Solo Sikoa anawapeza chaka chomwecho ku Cardiff. Anadutsa masiku 483 amene The New Day anasungapo malamba, n'kukafika pa 622 paja, mpaka pa 1 Epulo 2023 pamene Sami Zayn ndi Kevin Owens anawalanda pa WrestleMania 39, chiwonetsero chachikulu kuposa zonse cha WWE. Ndipo masewerowo ndi amene anatseka usiku umenewo. Malamba a tag team kutseka usiku wa WrestleMania! Anthu amene kale ankangowaika pa masewero otenthetsa bwalo anthu asanakhale n'komwe pansi.

Chachisanu, kupasuka. Jimmy ndiye anayamba kumuponda Roman ku Jeddah. Ku London, mu Julayi 2023, Jey anamupanikiza Roman pansi woyimbira n'kuwerenga katatu, chinthu chimene chinali chisanamuchitikire Roman kuyambira Disembala 2019. Ndinaimirira pampando ine. Patangotha mwezi, Jimmy yemweyo anamukoka mwendo m'bale wake pamene ankalimbana ndi Roman pa SummerSlam, ndipo mpaka lero chifukwa chimene anapereka sichinandikhutiritse. Mapasawa anakumana okhaokha pa WrestleMania 40 ku Philadelphia, Jey n'kupambana, koma masewerowo sanafike pamene tinkayembekezera, ndinene poyera.

Za Jey payekha, Royal Rumble ya 2025 ndi mmene anagonjetsera Gunther, zimenezo zikufunika vidiyo yakeyake, ndipo ikubwera Loweruka. Dinani like, dinani kabelu kaja, ndipo vidiyo iyi mutumizireni mnzanu uja amalimbikira kuti The Rock ndi msuweni wa Jey.