Chingwe chabuluu cha pa ntchito yanga ya usiku

Moni nonse amene mukumvera, amene muli kwathu ndi anzanga amene muli kunja ngati ine. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti usiku wonse kuno ku Dublin ndimachita chiyani m'chipinda chozizira chodzaza makina. Lero ndikuuzani za kabowo kamodzi basi.

Pa router ndi switch za kampani ya Cisco, makina amene amayendetsa netiweki, pali kabowo kolembedwa kuti console. Umalowetsapo chingwe chabuluu, mbali inayo ku laputopu, n'kutsegula pulogalamu yolembera malamulo, PuTTY kapena minicom, pa liwiro la 9600. Netiweki ikagwa, njira zonse zitatsekeka, polowera pamatsala pomwepa. Chodabwitsa n'chakuti makina ambiri akamachoka m'katoni, khomo limeneli limakhala lopanda pasiwedi. Wolowetsa chingwe walowa.

Nditangoyamba ntchito anandipatsa akaunti ya level 1. Cisco ili ndi milingo ya zilolezo kuyambira 0 mpaka 15. Pa 1 umangoyang'ana, sungasinthe kanthu, pomwe wa pa 15 akhoza kufufuta chilichonse. Ukakhala wobwera mtima suchedwa kunena kuti akukukayikira chifukwa cha kumene wachokera. Koma mnzanga wobadwira konkuno, amene tinalembedwa limodzi, analinso pa 1. Abwana athu nawonso amalowa ndi dzina lawo, palibe zobwerekana akaunti. Seva ya TACACS+, imene imatsimikizira olowa ndi zilolezo zawo, imalemba lamulo lililonse, amene walipereka ndi nthawi yake. Kwa ine mlendo zimenezi n'zabwino zedi, chifukwa zinthu zikasokonekera sayang'ana nkhope, amatsegula zolembedwazo.

Pali msampha umodzi. Ukhoza kukonza zilolezo bwinobwino kwa olowera patali ndi SSH, koma IOS, pulogalamu yoyendetsa makina a Cisco, siyendera zilolezozo pa console pokhapokha utalemba lamulo la aaa authorization console. Komanso seva ija ili pa netiweki yomwe yagwayo, ndiye pamafunika akaunti imodzi yosungidwa m'makina momwemo. Kuntchito kwathu pasiwedi yake imatsekeredwa, ndipo akangoigwiritsa ntchito amaisintha. Ena amaika lamulo la exec-timeout pa 0 kuti makina asamawatulutse pakatha mphindi 10. Umenewo ndi ulesi. Munthu wachoka, wobwera pambuyo pake n'kupeza level 15 ili chitsegukire.

Laputopu nayo ili ndi zake. Ikakhala ya Linux monga Ubuntu kapena Debian, chingwecho chimaoneka ngati /dev/ttyUSB0, ndipo ngati akaunti yako siili m'gulu la dialout, lololedwa kugwiritsa ntchito zingwe zotere, imakukana. Amakuwonjezera m'gululo, utuluke, ulowenso, zatheka. Zija zotsegulira aliyense ndi chmod 777 ine sindigwirizana nazo, ndipo ukangozula chingwe n'kubwezeretsa zimafufutika.

Tsono zonsezi zimagonja kwa munthu amene waima pafupi ndi router. Akaizimitsa n'kuiyatsa, n'kuidukiza isanamalize kudzuka, amalowa mu ROMMON, kapulogalamu koyambira ka makinawo, kusintha register, nambala youza makina mmene adzukire, kukhala 0x2142, basi makina amadzuka osawerenga mapasiwedi. N'chifukwa chake chitseko cha chipinda chija chimafuna khadi, ndipo khadi langa limatsegula makabati okhawo amene ndatumidwa usiku umenewo. Lamulo lotseka njira imeneyi lilipo, no service password-recovery, koma mukaiwala pasiwedi, kuti mulowenso muyenera kutaya zonse zimene munakonza m'makinamo. Athu analiika pa makina a m'maofesi akutali okha, kumene kulibe mlonda pakhomo.