Mawu a M'mawa: Dzukani, Mudye

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Tiwerenge 1 Mafumu 19:5-8.

Eliya anagona pansi pa mtengo m'chipululu, atatopa mpaka kupempha imfa. Mngelo sanayambe ndi ulaliki. Anamukhudza, namuuza kuti adzuke adye, ndipo kumutu kwake kunali mkate wootcha pa makala ndi mtsuko wa madzi. Anabweranso kachiwiri ndi mawu omwewo, chifukwa ulendo unali wautali.

Mawu awa apite kwa abale ndi alongo odwala shuga amene akufuna kusala kudya limodzi ndi mpingo.

Kuseri kwa chifu kuli kapamba. Tikadya, kapamba amatulutsa insulini yolowetsa shuga m'minofu. Tikakhala osadya, amachepetsa insuliniyo n'kutulutsa glucagon, amene amauza chiwindi kuti chitulutse shuga amene chinasunga. N'chifukwa chake munthu wabwinobwino amatha kusala tsiku lonse. Koma jakisoni wa insulini sadziwa kuti lero muli kuphiri. Glibenclamide, mankhwala akumwa a matenda a shuga, nayenso amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, mwadya kapena simunadye. Metformin, mankhwala ena akumwa, payekha sagwetsa shuga mopitirira muyeso kawirikawiri, koma jakisoni wa insulini ndi glibenclamide ndi nkhani ina.

Shuga akatsika kufika pansi pa 3.9 pa kamakina koyezera (makina ena amalemba 70), tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline, timadzi tochenjeza thupi. Manja amanjenjemera, thukuta lozizira limatuluka, mtima umagunda mothamanga, njala n'kuluma. Akatsikabe, ubongo umasowa chakudya: munthu amalankhula zosamveka, amakwiya popanda chifukwa, mwina kukomoka kumene. Apa mpamene timalakwitsa kwambiri m'mapemphero, kumuzungulira n'kumadzudzula ziwanda munthu akungofuna shuga.

Ngati akutha kumeza, sungunulani masupuni a tiyi anayi a shuga m'madzi, kapena mupatseni theka la kapu ya chakumwa chotsekemera, osati cholembedwa kuti mulibe shuga. Dikirani mphindi 15, yezaninso, ndipo bwerezani ngati sanakwere. Akatsitsimuka adye phala, buledi kapena mbatata. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, muthamangire naye kuchipatala, mukupemphera m'njira. Amene amamwa glibenclamide akaonedwebe kuchipatala ngakhale wakhala bwino, chifukwa mankhwalawo amakhalitsa m'thupi ndipo shuga amatha kugwanso.

Kusiya mankhwala kuti musale bwino nakonso n'koopsa, makamaka kwa odalira insulini. Musanayambe, kambiranani ndi adokotala anu. Akaletsa, musadziimbe mlandu. Salani zina: foni, wailesi, miseche.

Azibusa ndi amayi a mvano, m'chikwama cha Baibulo musasowe kapaketi ka shuga.

Tipemphere: Atate, Inu amene munadyetsa Eliya m'chipululu, limbikitsani odwala shuga m'mawa uno, ndipo mutipatse maso oona mbale wathu akayamba kunjenjemera. M'dzina la Yesu, Amen.