Mwana waulumali wasankhidwa kuyunivesite: apemphe chiyani, kwa ndani, liti?

(Kamera ili m'mbali mwa msewu wa ku Ndata, nyumba za MUST zikuonekera chapatali)

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili kuno ku Thyolo, ndipo nyumba mukuziona kumbuyo kwangazi ndi za MUST, yunivesite ya boma imene inayamba kulandira ophunzira mu 2014. Nkhani yathu ndi ya mwana waulumali amene dzina lake latuluka pa mndandanda wa NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, kaya wasankhidwira konkuno, kaya ku UNIMA ku Zomba, MUBAS, KUHeS, LUANAR kapena MZUNI. Nthungululu zalira, achibale asonkha ya thiransipoti. Koma akakafika kumeneko, akaphunzira bwanji?

Musaganize kuti ndi nkhani ya anthu owerengeka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Anthu achialubino okha anapezeka 134,636.

(Mawu pa sikirini: Lamulo likuti chiyani?)

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, mu 2012 kunabwera lamulo loona za aulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi latsopano, lomwe linasintha bungwe la boma loona za aulumali la MACOHA kukhala MACODA. M'pangano lija muli mfundo imene ndikufuna muigwiritse: sukulu ikuyenera kusintha zinthu zina molingana ndi vuto la wophunzira payekha, bola kusinthako kusakhale mtolo wosasenzeka kwa sukuluyo. Ikakana popanda chifukwa chomveka, kumeneko ndi kusala. Ndiye amayi, abambo, mwana wanu akamapempha izi sakupemphetsa ayi. Asapite ku ofesi atapinda manja ngati akukapempha ufa kwa aneba.

Koma pali chinthu chimene ambiri chimawadzidzimutsa. Mwana wosamva amene anakulira pa sukulu ya osamva ya Mountain View ku Bvumbwe kuno anazolowera aphunzitsi odziwa chinenero chamanja, ambiri a iwo osulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Wosaona anazolowera mphunzitsi womulembera zinthu m'zilembo za Braille, zowerenga ndi zala. Kuyunivesite akakumana ndi katswiri wa masamu kapena wa za migodi, munthu wophunzira zedi, koma amene mwina sanaphunzitsepo wosaona chiyambire ntchito. Sikuti ndi woipa mtima. Sakudziwa basi, ndipo sangalote.

(Chithunzi: foni, gulu la kalasi la pa WhatsApp)

Taonani apa. Mtsogoleri wa kalasi wajambula manotsi ndi foni n'kuponya pagulu. Aliyense wasangalala. Wophunzira wosaona watsegula ndi pulogalamu yake yomuwerengera mawu, monga JAWS, kapena ina yaulere yotchedwa NVDA. Pulogalamuyo ili zii, chifukwa imawerenga zilembo zotaipa, pomwe ichi ndi chithunzi chabe. Chofunika kupempha apa n'chaching'ono: aphunzitsi atumize manotsi otaipa, ndipo atumize kalasi isanachitike. Sipatuluka ngakhale tambala.

M'kalasimo namonso. Aphunzitsi akuloza pabolodi n'kumati, "Ichi tikachiphatikiza ndi ichi, tipeza ichi." Amene sakuona watsala pompo. Akangozolowera kutchula zimene akulembazo mokweza, mwana uja walowa m'kalasi limodzi ndi anzake. Ena amapemphanso chilolezo chojambula mawu a aphunzitsi kuti akamvetserenso kuhositelo.

Kwa wosamva vuto limatembenuka. Aphunzitsi akamalankhula atayang'ana kubolodi, amene amawerenga milomo wataya chiganizo chonse. Womasulira chinenero chamanja ndi wofunika, koma nayenso ndi munthu: mawu a sayansi ambiri amayenera kugwirizana kaye ndi wophunzirayo kuti aziwasonyeza bwanji ndi manja, ndiye apatsidwe manotsi nthawi ikadalipo. Komanso maso sangayang'ane womasulira uku dzanja likulemba. Pamafunika mnzake womulembera, kapena manotsi a aphunzitsi omwewo.

Wachialubino nthawi zambiri maso ake saona patali, ndipo kuwala kwambiri kumamuvuta. Mpando wakutsogolo, mapepala a zilembo zazikulu, ndipo pa maulendo okaphunzira kunja chipewa, malaya aatali manja ndi mafuta oteteza khungu kudzuwa. Za chipinda chogona chotetezeka anene poyera, nonse mukudziwa zimene abale athuwa adutsamo m'dziko muno.

Woyenda pa njinga ya aulumali, inu a kuno mukudziwa mitunda yathu ndi matope a nthawi ya chiperoni. Kumanga chikepe m'nyumba yosanja kungatenge zaka, koma kusamutsa kalasi kuchoka pamwamba kubwera pansi ndi ntchito ya wokonza ndandanda ya maphunziro, tsiku limodzi yatha. Ndipo musangoona khomo la kalasi. Kaoneni chitseko cha chimbudzi ndi bafa ngati njinga ikulowa.

(Mawu pa sikirini: Mayeso)

Apa ndi pamene pamabuka manong'onong'o akuti "akuwakondera". Ayi. Mafunso ndi omwewo, kachongedwe n'komweko, digiri ndi yomweyo. Chimasintha ndi njira yolembera: pepala la Braille kapena la zilembo zazikulu, kulemba pa kompyuta, munthu wokulembera zimene ukunena, chipinda chapadera, ndi nthawi yoonjezera chifukwa kuwerenga ndi zala kumachedwa kusiyana ndi maso. MANEB imachita kale zina mwa izi pa mayeso a Fomu 4, ndiye si zachilendo.

Ndikhale pang'ono pa aja amene ulumali wawo suoneka: wakhunyu, wovutika kuwerenga zilembo ngakhale mutu ukugwira bwino, wodwala matenda amaganizo, wakumva pang'ono. Amenewa ndi amene amabisa kwambiri, poopa kusekedwa kapena kuti malo awo alandidwa. Ine ndimawamvetsa, pakamwa pa anthu mpoopsa. Koma kubisa kumapweteka mwini. Mwana amalimbana yekha chaka chonse, mayeso osayenda, n'kudzaulula atalandira kale kalata yomuchotsa. Pamenepo kukonza kumavuta. Sukuyenera kuuza kalasi yonse. Uza ofesi yoyenera, ndipo unene kuti nkhaniyo isungidwe mwachinsinsi.

(Chithunzi: dzanja likulemba kalata)

Tsono kapemphedwe kake. Osadikira tsiku lotsegulira. Dzina likangotuluka, lembani kalata kwa mkulu woona za umoyo wa ophunzira, amene pasukulupo amamutchula kuti Dean of Students, ina yofanana ipite kwa Registrar, mlembi wamkulu wa sukuluyo. Funsani ngati pali ofesi kapena chipinda chothandizira ophunzira aulumali, ndi dzina la amene amayang'anira. Phatikizani kalata ya kuchipatala, kaya ya pa Thyolo, pa Mulanje kapena ku Queens, ndipo ngati kusekondale kunali mphunzitsi wapadera, alembeko zimene zinkathandiza mwanayo.

M'kalatamo musangoti "ndili ndi vuto la maso, mundithandize". Wowerengayo adzagwedeza mutu mwachisoni n'kuika kalatayo mufayilo. Lembani kuti: ndikupempha chipinda chapansi pafupi ndi bafa, manotsi otaipa kalasi isanayambe, mayeso a zilembo zazikulu, nthawi yoonjezera. Chinthu chotchulidwa ndi dzina chimavuta kuchizemba. Sungani kalata yanu yodindidwa, ndipo zimene mwagwirizana pakamwa pemphani kuti zilembedwe, chifukwa semesita iliyonse aphunzitsi amasintha, ndipo watsopanoyo adzafuna kuona pepala. Mayeso akamayandikira kakumbutseni kukadali milungu ingapo, pepala la Braille silisindikizidwa m'mawa wa tsiku lolemba.

Makolo, mulole mwana alankhule yekha mu ofesimo. Inu mubwerera kumudzi, iye ndi amene atsale akugogoda zitseko zimenezi zaka 4 kapena 5.

Nanga akakana? Funsani chifukwa chake, molemba, ndi njira ina imene angapereke m'malo mwake. Zikakanika pitani ku bungwe la ophunzira pasukulupo, kenako kunja: MACODA, FEDOMA yomwe ndi mgwirizano wa mabungwe a aulumali, MANAD kwa osamva, Malawi Union of the Blind kwa osaona, APAM kwa achialubino, ngakhalenso ku Malawi Human Rights Commission.

Za ndalama, ngongole ya boma ya ophunzira imadzera ku HESLGB, ndipo fomu yake ndi yosiyana ndi ya NCHE ija. Muilembe payokha, nthawi yake isanatseke, ndipo pamene mukufotokoza za pakhomo panu mutchule ulumaliwo ndi zimene umakudyerani, monga mabatire a makina othandiza kumva kapena kabaza wa tsiku ndi tsiku.