Mawu a M'mawa: Makutu a ku Bereya ndi Makutu a ku Atene

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a pa Boma, a ku Namwera, a ku Malindi, a ku Makanjira, a ku Monkey Bay, ndiponso inu amene mukuwerenga muli ku Joni. Mawu athu a lero achokera pa Machitidwe a Atumwi 17:10-34, ndipo ndikupemphani kuti musangodalira zimene ndalemba pano, koma mutsegule Baibulo lanu ndi kuwerenga nokha ndime yonseyo.

M'mutu umodzi womwewu, Luka akutionetsa mizinda iwiri imene inamva uthenga umodzi kuchokera pakamwa pa munthu mmodzi. Paulo ndi Sila atachoka usiku ku Tesalonika chifukwa cha chipolowe, anafika ku Bereya ndi kulowa m'sunagoge wa Ayuda. Vesi 11 ikunena kuti anthu a kumeneko analandira mawu ndi mtima wofunitsitsa, ndipo tsiku ndi tsiku ankasanthula m'Malembo kuti aone ngati zimene Paulo ankaphunzitsa zinalidi choncho. Pambuyo pake Paulo anafika ku Atene, mzinda wotchuka ndi anthu ophunzira, ndipo vesi 21 ikunena kuti eni mzinda pamodzi ndi alendo okhala kumeneko sankagwiritsa ntchito nthawi yawo pa china chilichonse koma kunena kapena kumva za chinthu chatsopano.

Anthu a ku Atene sanali okana kumva. Iwo ndi amene anamutenga Paulo kupita naye ku bwalo la Areopagi kuti akawafotokozere chiphunzitso chachilendocho. Vuto lawo linali lakuti nkhani inkawakomera pokhapokha ikadali yatsopano m'makutu, ndipo ikayamba kufuna kuti munthu akhale nayo pansi, aisinkhesinkhe ndi kusintha moyo wake, chidwi chawo chinkathera pomwepo. Paulo atafika pa nkhani ya kuuka kwa akufa, ena anamuseka, ena anati adzamumvanso tsiku lina. Luka sakutiuza kuti tsiku linalo linafika, chifukwa mutu wotsatira ukuyamba ndi Paulo akuchoka ku Atene kupita ku Korinto.

Ndikuona kuti mtima wa ku Atene uja masiku ano wapeza chida chake, ndipo chidacho tili nacho m'manja mwathu nthawi ino. Sindikunena izi monyoza foni, pakuti ife a ku Mangochi tikuudziwa bwino ubwino wake. Agogo athu amene ankapita ku migodi ndi Wenela ankatha miyezi osamva za kumudzi, ndipo nthawi zina kalata yonena za matenda inkafika munthu ataikidwa kale m'manda. Lero mayi wa ku Katuli amaona nkhope ya mwana wake amene ali ku Durban, ndipo ndalama ya feteleza kapena ya fizi imafika tsiku lomwelo kudzera pa Mukuru, Airtel Money kapena Mpamba. Msodzi amatha kufunsa mtengo wa usipa ku Limbe asanagwirizane ndi wogula pa doko, chenjezo la mwera lochokera ku nthambi yoona za nyengo limamupeza asanakankhe boti, ndipo mayi woyembekezera amene ali kutali ndi chipatala amaimba 54747, nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, ntchito imene inayambira kwa anansi athu a ku Balaka mu 2011. Zonsezi ndi zoyenera kuyamika nazo Mulungu popanda kukayika.

Koma tiyenera kudziwanso mmene masamba amene timathera nthawi yathu amapezera phindu. Pa Facebook, TikTok ndi YouTube sitilipira kuti titsegule akaunti, chifukwa ndalama zawo zambiri zimachokera kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsawo amalipira kuti maso athu aone zimene akugulitsa. Choncho munthu akakhalitsa pa tsambalo, eni ake amapindula kwambiri. N'chifukwa chake makina awo amasunga chilichonse chimene tachita: vidiyo imene taionera mpaka kumapeto, imene taibwereza, imene taipitirira msanga, chithunzi chimene chala chathu chaima pang'ono. Akatero amatibweretsera zina zofanana nazo, ina ikatha ina imayamba yokha, ndipo tsambalo analipanga dala kuti lisakhale ndi pothera. Buku limakhala ndi tsamba lomaliza, pulogalamu ya pa wailesi imakhala ndi nthawi yotsekera, koma apa palibe chizindikiro chouza munthu kuti zakwana. Zimene zimatikwiyitsa kapena kutiopseza zimatigwira nthawi yaitali kuposa zimene zimatikhazika mtima pansi, choncho zoterezo ndi zimene zimayenda kwambiri.

Asodzi a usipa akuidziwa bwino nzeru imeneyi. Usiku wa mdima, pamene kulibe mwezi, msodzi wotchedwa siginala amapalasa bwato lake lokhala ndi nyali, ndipo nsomba zimasonkhana pansi pa kuwalako popanda wozikankha kapena kuziopseza. Zimabwera zokha, ndipo khoka lotchedwa chilimira limazizinga zili chiyang'anire nyali. Ambiri a ife timagona mochedwa nkhope itawala ndi galasi la foni, bandulo ya usiku itatha, batire itatsala pang'ono, ndipo m'mawa timadzuka otopa osatha kunena chimene tapindula. Sitinakakamizidwe ndi munthu, komanso sitinganene moona mtima kuti tinasankha tokha kuthera maola onsewo pamenepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zimene chizolowezi chimenechi chikuchita pa kuphunzira, kaya kwa ana athu kusukulu kaya kwa ife pa Mawu a Mulungu. Mnyamata wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE amatha kukhala ndi buku maola awiri foni ili pambali, ndipo nthawi iliyonse ikalira amatembenuka kuona uthenga. Iye amaganiza kuti wangotaya kamphindi, koma maganizo akachoka pa samu kapena pa ndime imene amawerenga, sabwerera pomwe anasiyira nthawi yomweyo. Amayamba afunafuna njira, ndipo asanaipeze foni yaliranso. Magulu a pa WhatsApp adzaza ndi manotsi ndi mapepala a mayeso a zaka za m'mbuyo, chimene ndi thandizo lalikulu kwa mwana wa sukulu yoyendera imene ilibe laibulale, komabe kukhala ndi pepala m'foni sikufanana ndi kulidziwa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Umboni wakuti vuto si chida chokha tikuuona m'sukulu za pulayimale zimene zalandira matabuleti pansi pa ndondomeko ya boma ya BEFIT, imene inayamba mu 2023. Ana a m'makalasi oyambirira amaphunzirapo kuwerenga ndi kuwerengetsa, aliyense pa liwiro lake, ndipo chimene chimathandiza ndi chakuti m'tabuletimo muli phunziro lokha, mulibe uthenga wolowerera, ndiponso nthawi yake ndi yoikika. Galasi ndi lofanana ndi la foni yathu, koma linakonzedwa kuti lisunge mwana pa chinthu chimodzi mpaka achimvetse.

Ife akuluakulu tisadziyese opulumuka. M'mawa uliwonse m'magulu athu mumagwa mavesi okongoletsedwa ndi maluwa, maulaliki a mawu, nyimbo ndi mapemphero, mwina kuposa mmene makolo athu ankamvera pa mwezi wathunthu. Timalemba kuti Ameni, timaika chithunzi cha manja opemphera, timatumiza kwa ena tisanamalize kuwerenga, ndipo pofika masana sitingakumbuke ngakhale buku limene vesiyo inachokera. Ulaliki wautali timausunga kuti tidzamvera tikapeza mpata, monga anachitira aja anauza Paulo kuti adzamumvanso. Anthu a ku Bereya analibe Baibulo m'thumba. Mipukutu inali yolembedwa pamanja, yodula, ndipo kawirikawiri inkasungidwa ku sunagoge, kotero kuti kusanthula Malembo tsiku ndi tsiku kunkafuna kuti munthu anyamuke, akakhale pansi ndi anzake, amve wina akuwerenga, afunse, abwerenso mawa pa nkhani yomweyo. Anali ndi zochepa kuposa ife, koma zochepazo ankakhala nazo mpaka zitalowa, ndipo vesi 12 ikuti ambiri a iwo anakhulupirira, pamodzi ndi amayi olemekezeka a Chigriki ndi amuna ambiri ndithu.

Taonaninso kuti a ku Bereya sanameze mawu chifukwa chakuti wolankhula anali mtumwi, koma anayamba afufuza. Khalidwe limeneli likusoweka kwambiri pa zimene timatumizirana. Eksodo 23:1 imaletsa kufalitsa mbiri yonama, ndipo lamulolo silinapatule munthu amene wangopatsira ena zimene naye walandira. Eni ake a WhatsApp anaona kuopsa kwa nkhaniyi pamene mphekesera zoyenda pa foni zinaphetsa anthu osalakwa ku India, ndipo mu 2019 anaika malire akuti uthenga utumizidwe ku malo asanu okha nthawi imodzi. Mu 2020 anachepetsanso kufika pa malo amodzi kwa uthenga umene wayenda kale kwambiri. Ifenso tikukumbuka mauthenga oopseza anthu za katemera pa nthawi ya Covid-19, ndi ena olepheretsa odwala kuthamangira ku chipatala pamene kolera inavuta m'boma lino mu 2022 ndi 2023. Kuno kwathu Akhristu ndi Asilamu timakwera boti limodzi, timagulitsa mu msika umodzi, ndipo m'mabanja ambiri muli zipembedzo zonse ziwiri. Kavidiyo kodulidwa pakati, kopanda tsiku ndi malo, kakhoza kuwononga pa ola limodzi ubale umene makolo athu anausunga zaka zambiri, ndipo Mkhristu amene wakatumiza sangadzikhululukire ponena kuti sanakajambule ndi iye.

Pa nkhani ya kugwirizana, magulu a pa foni atithandiza ndithu. Chopereka cha maliro chimasonkhanitsidwa msanga, a banki m'khonde amakumbutsana tsiku lobweza ngongole, a kwaya ndi a komiti ya pa doko amaitanizana popanda kutuma mwana pa njinga. Koma abale a ku Bereya, adani a Paulo atafika kudzautsa chipolowe, sanangomufunira zabwino ali kunyumba kwawo. Vesi 14 ndi 15 zikuonetsa kuti anamutulutsa kupita naye ku nyanja, ena anamuperekeza mpaka ku Atene, ndipo pobwerera anatenga uthenga wake wopita kwa Sila ndi Timoteo. Amene ali ku Cape Town sangathe kufika pa siwa, ndipo ndalama ndi mawu ake a chipepeso ndi kupezeka kwake. Mulungu amalandira zimenezo. Koma ine ndi inu amene tili mudzi umodzi ndi anamfedwa, uthenga wa pa gulu sungalowe m'malo mwa miyendo yathu. Manda amakumbidwa ndi manja a adzukulu, nsima ya pa maliro imafuna ophika, ndipo wodwala amene wagonekedwa m'chipatala amafuna womudikirira usiku.

M'nyumba zathu ndi mmene nkhaniyi imapweteka mwakachetechete. Bambo amatha kucheza ola lathunthu ndi mnzake wa ku Joni, koma mwana wake amene wakhala pamkeka pomwepo akufuna kumuuza zimene zachitika kusukulu amangoyankhidwa ndi mutu, maso ali pa foni. Agogo amayamba kufotokoza nkhani ya kale, ndipo akaona kuti zidzukulu zonse zawerama, amaisiya pakati osadandaula. Mwana amene wayankhidwa motero kawirikawiri amaleka kufotokoza, ndipo tsiku limene adzakhale ndi vuto lalikulu adzakalinena kwa mlendo wa pa Facebook, chifukwa kumeneko ndi kumene anaona kuti amamuyankha. Yakobo 1:19 imatiuza kuti tikhale ofulumira kumva, ndipo woyamba kumveredwa ayenera kukhala munthu amene Mulungu wamuika patsogolo pathu.

Anansi athu a Chisilamu amandikumbutsa kanthu m'bandakucha uliwonse azana yoitanira anthu ku pemphero ikamveka: nthawi ya pemphero imaikidwa, ndipo zina zonse zimayembekeza. Ambuye Yesu nayenso, monga tiwerenga pa Marko 1:35, anadzuka kusanache ndi kupita kwa yekha kukapemphera, ngakhale kuti anthu onse ankamufunafuna. Ndikupemphani kuti mawa, musanayatse data, muyambe mwawerenga ndime imodzi kawiri kapena katatu, ndipo madzulo muifotokozere munthu mmodzi wa m'nyumba mwanu ndi mawu anuanu. Pa nthawi ya chakudya foni ikhale kuchipinda. Uthenga umene simukudziwa kumene wachokera uthere m'foni mwanu. Ngakhale ku Atene kunapezeka anthu amene anatsalira khamu litabalalika, ndipo vesi 34 ikutchula awiri mwa iwo, Dionisiyo wa m'bwalo la Areopagi ndi mayi wina dzina lake Damarisi, amene anadziphatika kwa Paulo nakhulupirira.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa mwatidzutsa ndi moyo. Sungani asodzi amene akubwerera ku doko m'mawa uno ndi amene alowe pa nyanja madzulo. Kumbukirani abale athu amene ali ku Joni, makamaka amene ntchito yawathera ndipo akuchita manyazi kuimba foni kumudzi. Patsani ana athu amene akukonzekera mayeso mtima wokhazikika pa buku, ndipo tithandizeni ife makolo kuwamvera akamatilankhula. Gwirani dzanja lathu pamene tikufuna kutumiza mawu amene angapweteke mnansi wathu. Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Ameni.