Msika wa Chatuchak ku Bangkok: zoyenera kudziwa musanalowemo

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli ku Lilongwe, ku Chipata, ku Johannesburg kapena kwina kulikonse kumene mawu anga akukupezani. Ndikulankhula kuchokera ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand, kumene ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi kwa zaka zingapo tsopano. Gawo la lero ndalikonza chifukwa cha funso limene abale ofuna kubwera kuno amandifunsa kawirikawiri, makamaka amayi a geni amene amabwera kudzaoda zovala. Iwo amafuna kudziwa za msika wa Chatuchak, umene umachitika Loweruka ndi Lamlungu, ndiponso mmene munthu angauyendere osangotoperamo pachabe. Ndaperekezako alendo ambiri, ndipo chimene ndaona n'chakuti amene amavutika kwambiri ndi uja amalowa ndi mtima wofuna kuona zonse pa tsiku limodzi.

Anthu a kuno amautchula mwachidule kuti JJ. Uli kumpoto kwa mzinda, pa malo a maekala pafupifupi 35, ndipo muli timashopu toposa 15,000 togawidwa m'zigawo 27, kuyambira zovala, nsapato, mbale, mabuku akale, maluwa, mpaka zosemasema. Msikawu sunayambire pamalo pamenepa. Mu 1948 unayambira pa bwalo la Sanam Luang, pafupi ndi nyumba yachifumu, ndipo mu 1982, pamene Bangkok inkakondwerera kuti yakwanitsa zaka 200, anausamutsira kuno, pa malo a kampani ya boma ya njanji. Amene mumaudziwa msika wa Limbe kapena wa Lilongwe pa tsiku la malipiro, ganizirani khamu loposa limenelo kutalitali litapanikizana m'tinjira tothina tofolera ndi malata, timene kuno amatitcha soi.

Popita kumeneko musakwere takisi, chifukwa misewu ya mbali imeneyo imadzaza kwambiri kumapeto kwa sabata. Kwerani sitima yapamwamba ya BTS n'kutsikira pa Mo Chit, kapena yapansi panthaka ya MRT n'kutsikira pa Kamphaeng Phet. Ine ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa mukatulukira khomo la nambala 2 mumangopezeka kuti mwalowa kale mumsika.

Nkhani imene ndikufuna kuikhalira pang'ono ndi ya nthawi ndi kutentha. Mashopu ambiri amakhala atatsegula pofika 9 koloko m'mawa, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yofika. Chaka china mlamu wanga anabwera mu Epulo, mwezi umene kuno kumatentha koposa, kupitirira madigiri 35, ndipo tinachedwa kunyamuka kotero kuti tinalowa mumsika dzuwa lili pamutu. Iye ndi wa ku Nsanje, munthu wozolowera kutentha, koma kutentha kwa kuno kumabwera ndi chinyezi, thukuta siliuma, ndipo pansi pa malata aja mpweya suyenda. Tisanathe maola awiri ndinaona akugwira mzati, nkhope itasintha, miyendo ikunjenjemera. Mayi wina wogulitsa masiketi anadzuka pa kampando kake kapulasitiki n'kuwakhazika pamenepo, anatembenuzira fani kwa iwo, kenako anatulutsa m'thumba kabotolo kakang'ono konunkhira ngati mankhwala a chimfine, kamene anthu a kuno amakatcha ya dom, n'kuwanunkhizitsa. Anatumanso mwana wake kukagula madzi ozizira, ndipo nditafuna kubweza ndalama ya madziwo anakana. Kuyambira tsiku limenelo mlendo wanga aliyense ndimamuuza kuti avale zopepuka ndi nsapato zoyendera, amwe madzi ludzu lisanamugwire, ndipo ikakwana 12 koloko atuluke kaye akapume. Pafupi pomwepo pali JJ Mall, nyumba ya mashopu yoziziritsidwa ndi makina, ndiponso paki ya Chatuchak yokhala ndi mitengo ya mthunzi. Mukabwera m'nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala, musaiwale ambulera.

Kusochera n'kosapeweka, choncho muzikonzekeretu. Pakati pa msika pali nsanja yokhala ndi wotchi, imene inamangidwa mu 1987 pokumbukira kuti Mfumu Bhumibol Adulyadej yakwanitsa zaka 60. Ngati muli gulu, panganani musanalowe kuti amene watayana ndi anzake apite pa nsanjayo. Pamwamba pa tinjira tija pamakhala zikwangwani zosonyeza nambala ya chigawo ndi ya soi, ndipo ndi nzeru kuzijambula ndi foni pamalo pamene mwaona chinthu chokusangalatsani. Komabe langizo langa lenileni n'lakuti mukapeza chinthu chimene mtima wanu wachikonda, ndipo mtengo wake ndi woyenera, gulani pomwepo. Kwathu tinazolowera kuzungulira msika wonse kuyerekeza mitengo kenako n'kubwerera kwa woyamba uja, koma kuno njira zimafanana kwambiri. Ndinaonapo nsalu yabuluu yoluka pamanja imene ndinkafuna kugulira amayi anga, ndinati ndibweranso, ndipo ndinaifunafuna masana onse osaipezanso shopuyo.

Tsopano za kunenerera mtengo, pamene ambiri a ife timalakwitsa. Kunenerera n'kololedwa, koma kachitidwe kake n'kosiyana ndi ka pa kaunjika, pamene munthu ukhoza kukweza mawu, kunyoza katunduyo pang'ono, kapena kuuza wogulitsa kuti akukubera, iye n'kumangoseka. Kuno kukweza mawu kapena kuonetsa mkwiyo pagulu n'chinthu chochititsa manyazi kwa nonse awiri, ndipo wogulitsa akhoza kungotembenuka osakuyankhaninso. Yambani ndi kumwetulira, funsani kuti "thao rai", kutanthauza kuti ndi zingati, kenako "lot noi dai mai", kutanthauza kuti mungatsitseko pang'ono. Abambo amamaliza mawu awo ndi "khrap", amayi ndi "kha", ndipo timawu timeneti ndi taulemu monga mmene ife timanenera kuti chonde ndi zikomo. Wogulitsa amalemba mtengo pa kakyuleta n'kukupatsani kuti mulembe wanu. Mtengo umatsika bwino mukamagula zinthu zitatu kapena kuposa pamalo amodzi, koma pa chakudya ndi pamene alembapo mtengo wokhazikika musanenerere. Ubwino wina wofika m'mawa ndi wakuti ogulitsa ambiri amalemekeza kasitomala woyamba. Ndaonapo kangapo mayi atalandira ndalama yanga n'kuyamba kuigundagunda pa katundu wake yense, mulu ndi mulu, akunong'ona mawu opempha mwayi wa tsikulo.

Tengani ndalama ya m'manja ya kuno, imene ndi baht, makamaka mapepala ang'onoang'ono a 20, 50 ndi 100, popeza kulipira pa foni kumene eni dziko amachita nthawi zambiri kumafuna akaunti ya banki ya kuno. Pa ndalamayo pali nkhope ya mfumu, choncho ikagwa pansi musaiponde ndi phazi pofuna kuti isauluke, koma weramani muitole ndi dzanja. Chikwama chanu chikhale kutsogolo, chifukwa opisa m'matumba sasowa pamene pali khamu. Kusuta fodya mumsikamu n'koletsedwa ndipo kuli chindapusa.

Chakudya chilipo chochuluka. Chimene sindichiphonya ndi ayisikilimu wa kokonati, amene amamuikira m'chigoba cha kokonati yemweyo, atapala mnofu wake woyera n'kuusiya pansi, pamwamba n'kuwaza mtedza wokazinga ndi mpunga womata. Palinso moo ping, nyama yankhumba yootcha pa timitengo, ndi som tam, papaya wosapsa wosinja mumtondo pamodzi ndi tsabola ndi mandimu. Ngati tsabola simumulimba nenani kuti "mai phet" asanayambe kusinja. Abale athu achisilamu asamale, chifukwa nkhumba imalowa m'zakudya zambiri za kuno, koma malo ogulitsa chakudya cha halal alipo ndipo amakhala ndi chizindikiro. Ofuna zipatso awoloke msewu apite ku msika wa Or Tor Kor, kumene kuli mango ndi durian zosankhidwa bwino, ngakhale kuti mitengo yake ndi yokwererapo.

Pali mbali imodzi imene ine sindipitako, ndiyo yogulitsa ziweto ndi nyama zachilendo. Zimandipweteka mtima kuona mbalame, agalu ndi njoka zili m'timakola tothina pa kutentha koteroko, ndipo mu Juni 2024 moto unabuka usiku kumbali imeneyo n'kupha nyama pafupifupi 1,000 zimene zinali zotsekeredwa. Ndikupempheninso kuti musagule chilichonse chopangidwa ndi minyanga ya njovu, zikamba za akamba kapena zikopa za nyama zakutchire, ngakhale wogulitsa akutsimikizireni motani. Ife tikudziwa bwino chimene malonda amenewa achita ku njovu za ku Kasungu ndi ku Luangwa, ndiponso katundu wotere akhoza kukumangitsani pa bwalo la ndege.

Kwa inu a geni, Lachisanu usiku mbali ina ya msika imatsegula ndipo zovala zimagulitsidwa pa mtengo wooda. Kumbukirani kuti masaizi a kuno ndi aang'ono poyerekeza ndi matupi athu, kotero kuti chovala cholembedwa L chikhoza kukhala M kwathu. Tengani tepi yoyezera, yang'anani misoko ndi mazipi musanalipire, chifukwa katundu akagulidwa sabwezedwa. Mumsika momwemo muli maofesi otumiza katundu kunja, koma funsani kaye mtengo wa pa kilogalamu musanagule zolemera monga mbale zadothi, kuti kutumiza kusadye phindu lonse.

Ngati mudzakhale mudakali mumsika ikamakwana 6 koloko madzulo, mudzamva nyimbo ya fuko la Thailand ikulira pa zokuzira mawu. Ogulitsa amasiya kulongedza, oyenda amaima pomwe ali, ndipo inunso mudzaime chilili mpaka nyimboyo itatha, kenako mudzatenge katundu wanu n'kulunjika ku siteshoni ya Kamphaeng Phet khamu lisanadzaze sitima. Sabata yamawa ndidzakamba za Pratunam, kumene amalonda ambiri ochokera ku Africa amaodako zovala zambiri nthawi imodzi. Zikomo kwambiri pomvera, tsalani bwino.